Zimene Kathonje Sikafunsa

Mwa malonda ambiri a zaumoyo amene akuchitika mu mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi akhala akuutchula kuti Joni kuyambira m'masiku a Wenela, muli ena amene sachita phokoso ngati a mankhwala azitsamba omatidwa pa zipupa za ku Hillbrow, koma amene akulowerera pang'onopang'ono m'maganizo a anthu, ndiwo malonda oyeza chibadwa cha munthu pofuna kumuuza mavitamini ndi michere imene thupi lake lingathe kuperewera. Kachitidwe kake nkosavuta, chifukwa munthu amapatsidwa kamtengo kokhala ndi kathonje kunsonga, amakazunguza mkati mwa tsaya, amakatsekera m'kabotolo ndi kukatumiza ku labotale, ndipo pakapita masabata angapo amalandira lipoti lonena kuti thupi lake mwina limavutika kugwiritsa ntchito foleti, vitamini D kapena ayironi, pamodzi ndi malangizo a zakudya ndi mapiritsi oyenera kugula. Ogula ambiri ndi anthu opeza bwino a madera monga Sandton ndi Rosebank, koma Amalawi ochuluka amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya anthu omwewo, amaona timabokosi timeneti patebulo la abwana, amamva zokamba zake, ndipo ena amene zinthu zawayenderako amayamba kudzifunsa ngati kutopa kwawo kosatha sikungapeze yankho m'kathonje komweko. Chimene chakhala chikusautsa mtima wa wolemba nkhani ino si chakuti kuyezaku nkwabodza, pakuti zimene labotale imawerenga zilikodi m'thupi, koma chakuti kumafunsa munthu kuti anabadwa motani kusanamufunse kuti dzulo wadya chiyani, ufa wake unachokera kuti, ndipo dzuwa limamuwomba maola angati patsiku.

M'tizigawo ting'onoting'ono ta thupi totchedwa maselo muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene uli ngati malangizo olembedwa ndi zilembo zamitundu inayi yokha, ndipo munthu aliyense amalandira mpukutu umodzi kwa mayi ake ndi wina kwa bambo ake, uliwonse wa zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Ndime za malangizowa zimene zimauza thupi kupanga chinthu chakutichakuti zimatchedwa majini, ndipo zilipo pafupifupi 20,000. Liwu lakuti majini lili ndi katundu wake m'Chichewa, popeza kwa munthu wokulira ku Mangochi kapena ku Nkhotakota limatanthauza kale mizimu yosaoneka imene imalowa mwa munthu ndi kumulamulira iye asanavomere, ndipo ngakhale kufanana kwa mawuwa kunangochitika mwangozi, sikuli kopanda ntchito, chifukwa womva amakhala wokonzeka kulandira lipoti la labotale ngati chigamulo chimene sangachitepo kanthu. Komatu kathonje kamalonda sikawerenga mpukutu wonse. Kamayang'ana malo ochepa osankhidwiratu, kawirikawiri makumi angapo, pamene chilembo chimodzi chimasiyana pakati pa munthu ndi mnzake, ndipo zimene kamanena ndi mpata chabe wakuti vuto lingabwere, osati umboni wakuti lafika. Amene akufuna kudziwa ngati ayironi kapena vitamini B12 waperewera lero ayenera kutengedwa magazi pamkono, monga momwe zakhalira nthawi zonse, pakuti chibadwa sichisintha kuyambira tsiku lobadwa mpaka la kumanda, pamene za m'magazi zimakwera ndi kutsika potsata nyengo ya zokolola ndi ya njala, pakati, malungo ndi malipiro a mwezi.

Jini yotchuka koposa pa malondawa ndi MTHFR, imene imathandiza thupi kusandutsa foleti, vitamini wopezeka m'masamba obiriwira ndi m'nyemba, kuti agwire ntchito yake yomanga magazi ndi msana wa mwana ali m'mimba. Mu 1995 ofufuza a ku Montreal, motsogozedwa ndi Rima Rozen, anafotokoza kusintha kwa chilembo chimodzi mu jini imeneyi kumene kumafooketsa ntchito yake, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake lakhala pa malipoti ndi pa mabotolo a mapiritsi m'maiko ambiri. Kusinthaku nkofala ku Mexico, kum'mwera kwa Italy ndi kumpoto kwa China, koma pakati pa anthu akuda a kum'mwera kwa Sahara nkosowa kwambiri, ndiponso akuluakulu a zaumoyo ku America amanena poyera kuti amayi amene ali nako amathandizidwabe ndi foliki asidi wamba, yemweyo amene amaperekedwa kusikelo. N'chimodzimodzinso ndi jini ya HFE, imene inadziwika mu 1996 kuti ndiyo imachititsa thupi la azungu ena a kumpoto kwa Ulaya kuunjika ayironi mopitirira muyezo, koma kusintha kwake koopsako sikupezeka kwenikweni pakati pa Achewa, Ayao kapena Atumbuka. Chifukwa cha kusiyana kumeneku sichili chobisika: atawerengera mu 2016 ndi mu 2019, akatswiri anapeza kuti mwa anthu 10 alionse amene anatengapo mbali m'kafukufuku wamkulu wa majini ndi matenda padziko lonse, pafupifupi 8 anali a makolo ochokera ku Ulaya, pamene a makolo a mu Africa anali awiri kapena atatu okha pa 100. Choncho Mmalawi wa ku Joni akhoza kulandira lipoti loyera, lomuyamikira kuti alibe choopsa chilichonse, pamene kuyera kwakeko kukungosonyeza kuti mafunso anakonzedwera thupi la munthu wina.

Pofika apa nkwapafupi kutaya nkhani yonse ya chibadwa ngati zoseweretsa za olemera, ndipo wolemba nkhani ino anakhalapo ndi maganizo amenewo kwa kanthawi, koma mbiri ya Joni yeniyeniyo simulola kutero. Mu 1929 dokotala wina dzina lake A. S. Strachan analemba zimene anaona atapima mitembo mazanamazana ya anthu akuda amene anamwalirira mu Johannesburg, ochokera mbali zosiyanasiyana za kum'mwera ndi pakati pa Africa, ndipo anapeza kuti ambiri anali ndi ayironi wodzaza m'chiwindi ndi m'ziwalo zina. Awa anali anthu a m'badwo womwewo wa matchona, amene anasiya mabanja kumudzi kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangeti. Patapita zaka, Alexander Walker wa ku South African Institute for Medical Research, ndipo kenaka Thomas Bothwell wa ku yunivesite ya Witwatersrand, anasonyeza kumene ayironiyo ankachokera: mowa wamasese, umene kumudzi unkafululidwa m'mbiya zadothi, m'tauni ndi m'makomboni unkafululidwa m'migolo yachitsulo, ndipo kuwawasa kwake kunkasungunula chitsulo cha mgolowo kotero kuti womwa tsiku ndi tsiku ankalandira ayironi wochuluka kuposa amene thupi lingathe kumukana. Kwa nthawi yaitali anthu anakhutira kuti wolakwa ndi mgolo basi. Koma mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake, atafufuza mabanja 36 a mu Africa, anaona kuti mwa anthu omwa mofanana ena ankadzaziridwa ndipo ena ayi, ndiponso kuti kudzaziridwako kunkatsata magazi a banja m'njira yosagwirizana ndi jini ya azungu ija. Mu 2003 chidwi chinagwera pa kusintha kwina mu jini ya ferroportin, imene imatsegula khomo lotulutsira ayironi m'maselo, kumene kumapezeka mwa anthu a makolo a mu Africa, ngakhale kuti sikufotokoza vuto lonse. Chimene nkhaniyi imasiya m'maganizo nchakuti chibadwacho chinalipo kwa mibadwo yambiri osapweteka aliyense mpaka tsiku limene mbiya inasiyidwa nkutengedwa mgolo, ndipo mgolowo unadza ndi migodi, ndi komboni ya amuna okhaokha, ndi malamulo amene ankaletsa munthu wakuda kugula mowa wa m'botolo. Amene akanayeza chibadwa chokha sakanaona kanthu, ndipo amene anayang'ana mgolo wokha anaona theka.

Kulinso majini ena amene amakhudzadi magazi a Amalawi ochuluka, ndipo ndi amene satchulidwa kawirikawiri pa malonda a mavitamini. Pa kafukufuku wa mavitamini ndi michere amene anachitika m'dziko lonse la Malawi mu 2015 ndi 2016, magazi a ana aang'ono anayezedwanso za kumtundu, ndipo anapezeka kuti ana oposa 4 mwa 10 alionse ali ndi chibadwa cha alpha thalassaemia, chimene chimachititsa maselo ofiira a magazi kukhala aang'ono, pamene pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 ali ndi jini imodzi ya sikoselo, ndipo anyamata ambiri ndithu ali ndi vuto la G6PD, limene limachititsa maselo ofiira kusweka akakumana ndi mankhwala ena. Zonsezi zinachuluka chifukwa zinkatchinjirizako makolo ku malungo, kotero ndi zipsera za nkhondo yakalekale yolimbana ndi udzudzu. Kufunika kwake pa nkhani ino nkwakuti maselo ofiira aang'ono ndi chizindikiro chomwechonso cha kuperewera kwa ayironi, motero mayi wouzidwa kuti ali ndi magazi ochepa akhoza kumwa mapiritsi owonjezera magazi kwa miyezi yambiri popanda kusintha, chifukwa vuto lake silinali la ayironi. Mawu akuti magazi ochepa amakwirira zinthu zambiri zosiyana. Kafukufuku wa ana odwala kwambiri ku Blantyre ndi ku Chikwawa, amene anasindikizidwa mu 2008, anapeza kuti kuchepa koopsa kwa magazi kunkayendera limodzi ndi malungo, njoka zam'mimba, kachilombo ka HIV, mabakiteriya a m'magazi, vuto la G6PD ndi kuperewera kwa mavitamini A ndi B12, pamene ayironi, amene aliyense ankamuganizira, sanali patsogolo. Apa kuyeza chibadwa kuli ndi malo ake enieni, pamene dokotala waona magazi osamvera mankhwala ndipo akufuna kudziwa chifukwa, kapena pamene awiri akufuna kukwatirana m'banja limene munabadwapo mwana wa sikoselo.

Komabe maganizo amabwerera ku funso lija limene kathonje sikafunsa, ndipo amakafika m'munda. Achewa amati make mbuu, mwana mbuu, ndipo akaona agogo, mayi ndi mdzukulu onse ali ndi kufooka kofanana amanena kuti nza kumtundu, zimene nthawi zambiri zimakhala zoona, koma mtundu supatsirana magazi okha. Umapatsirananso munda, umene pakati pa Achewa umadutsa kuchikazi ndipo pakati pa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba umadutsa kuchimuna, umapatsirana chigayo chimodzi, kaphikidwe kamodzi ndi umphawi umodzi. Mu 2011 Allan Chilimba ndi anzake anasindikiza zotsatira za kuyeza chimanga ndi dothi m'madera ambiri a Malawi, ndipo anasonyeza kuti seleniyamu, mchere wofunika pang'ono chabe koma wothandiza chitetezo cha thupi ndi chithokomiro, ndi wochepa kwambiri m'chimanga cha m'dothi lowawasa limene lili m'mbali yaikulu ya dziko, pamene m'dothi lakuda la makande la ku chigwa cha Shire chimanga chimatha kukhala naye mowirikiza kakhumi. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2013, anayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa, ndipo magazi awo anatsatira dothi lawo mokhulupirika, a ku Mikalango ali ndi seleniyamu wochuluka koposa kawiri. Pa dziko lonse, amayi oposa 6 mwa 10 a msinkhu wobereka anapezeka operewera, ndipo zinki naye anali woperewera mwa anthu pafupifupi 6 mwa 10. Banja la ku Mzimba limene ladya chimanga cha munda umodzi kwa mibadwo inayi lili ndi choperewera chotengera kwa makolo ndithu, koma chili pansi pa mapazi awo, ndipo mankhwala ake anayesedwa ku Kasungu mu 2019, pamene mabanja ena analandira ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wothiridwa seleniyamu ndipo magazi a amayi ndi ana anakwera moonekeratu, monga momwe dziko la Finland lakhala likuchitira ndi feteleza wake kuyambira mu 1984.

Kusokoneza cholowa cha m'mbale ndi cholowa cha m'magazi si kulakwitsa kwa anthu osaphunzira okha. Matenda a pelagra, amene amadetsa ndi kusenda khungu loombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, amadza chifukwa chosowa niyasini, vitamini amene ali m'chimanga koma womangika moti thupi silimupeza. Ku America, mu 1916, katswiri wa za mitundu Charles Davenport ankalimbikira kuti matendawa amatsata chibadwa chifukwa ankawaona m'mabanja omwewomwewo, pamene Joseph Goldberger anali atayamba kale kusonyeza kuti mabanjawo ankangodya mbale imodzi yaumphawi. Malawi inaona umboni wake mu 1990, pamene anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ku Mozambique anadwala pelagra m'misasa ya kum'mwera mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankagawiridwa. Chibadwa cha anthu amenewo sichinasinthe m'miyezi imeneyo, ndipo chimene chinasowa chinali nsinjiro.

Mbale ya Mmalawi wa ku Joni ili ndi nkhani yovuta kuigamula, chifukwa inapindula mbali ina ndi kutayika mbali ina. Kuyambira mu Okutobala 2003 lamulo la South Africa limakakamiza kuti ufa wa chimanga ndi ufa wa buledi wogulitsidwa m'masitolo uthiridwe vitamini A, mavitamini angapo a gulu la B kuphatikizapo niyasini ndi foliki asidi, komanso ayironi ndi zinki, ndipo patangopita zaka zochepa ana obadwa ndi zilema za msana kapena za ubongo anachepa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse, popanda mayi ngakhale mmodzi kuyezedwa MTHFR. Motero papa, nsima ya ku Joni ya ufa wa m'sitolo, amene Mmalawi amamudandaula kuti sakoma ngati nsima ya ufa woyera wokonola, woviika ndi kuyanika pamphasa, ali ndi zinthu zimene ufa wa kuchigayo cha kumudzi ulibe, pakuti ku Malawi, ngakhale shuga wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira mu 2012, chimanga cha anthu ambiri sichidutsa m'fakitale iliyonse. Koma chimene chinatayika ndi ndiwo. Bonongwe ndi chisoso zomera zokha kuseri kwa nyumba, nkhwani wotendera, khwanya, mfutso wa m'chilimwe, usipa wodyedwa ndi minga yomwe, malambe, masau ndi mango ongotola, zonsezi zinali kutseka mipata imene munthu sankadziwa nkomwe kuti ilipo, ndipo m'chipinda cha lendi cha ku Diepsloot kapena ku Mayfair, m'mene anthu anayi amagawana sitovu imodzi ndipo aliyense akusunga ndalama yotumiza kumudzi, malo ake atengedwa ndi buledi, tiyi, mapazi a nkhuku ndi zakumwa zotsekemera. Zakudya zamagulu 6 zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo zimasanduka magulu awiri kapena atatu, ndipo munthu amatha kunenepa ali ndi njala yobisika, imene siliza m'mimba koma imadya mphamvu.

Za vitamini D nazo zimabwerera komweko. Malipoti amatchula majini okhudza kayendedwe ka vitaminiyu m'magazi, ndipo majiniwo alipodi, koma gwero lake lalikulu ndi dzuwa loomba pakhungu, ndipo Johannesburg, mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,700, uli ndi dzuwa lokwanira kupanga vitaminiyu chaka chonse, monga anasonyezera John Pettifor ndi anzake poyerekeza ndi Cape Town, kumene m'nyengo yozizira limachepa mphamvu. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa, ndipo mlonda amene amagwira ntchito usiku nkugona usana wonse, kapena mtsikana amene amalowa m'sitolo ya ku Fordsburg kusanache nkutuluka kutada masiku 6 pamlungu, akhoza kukhala pansi pa thambo lowala chotere osalilawa. Pettifor yemweyo, akugwira ntchito pa chipatala cha Baragwanath ku Soweto, anafotokoza mu 1978 za ana akumidzi a miyendo yamatewe amene vitamini D anali naye wokwanira, koma chakudya chawo cha chimanga chopanda mkaka chinalibe kashiyamu womanga mafupa. Ichinso chinapezeka chifukwa wina anafunsa kuti anawo amadya chiyani.

Umboni wakuti kudziwa majini kumasintha kadyedwe ndi wofooka kusiyana ndi momwe otsatsa amafunira. Kafukufuku wa Food4Me, amene anachitika m'maiko 7 a ku Ulaya ndi anthu oposa 1,600, anapeza kuti malangizo okonzedwera munthu payekha anathandiza kuposa malangizo wamba operekedwa kwa onse, koma kuwonjezerapo zotsatira za majini sikunawonjezere phindu lililonse. Mtengo wa kuyezaku ndi marandi masauzande angapo, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo anali R28.79 pa ola kuyambira mu Malichi 2025, ndipo ambiri opanda mapepala salandira ngakhale zimenezo. Komabe sikungakhale chilungamo kupeputsa munthu amene amakhumba kuyezedwa, chifukwa chimene akufuna chili chozama kuposa mavitamini. Ndi munthu amene pamzere wa chipatala amawerengedwa ngati mlendo wodzadya za eni, amene m'zaka zaposachedwapa waona magulu a anthu ataima pazipata za zipatala kufunsa ziphaso, amene akafika kwa namwino amakhala ndi mphindi zochepa zofotokozera kutopa kwake m'chinenero chimene sichake. Lipoti la masamba ambiri lokhala ndi dzina lake pamwamba, lonena za thupi lake lokha, limamupatsa ulemu umene sanaupeze kwina, ndipo zotsatira za Food4Me zikhoza kumvedwanso motero, kuti chimene chinathandiza anthu chinali kuyang'aniridwa ndi kufunsidwa mmodzimmodzi.

Pali mbali inanso imene Amalawi a ku Joni ali ndi chifukwa chapadera choikumbukira. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, anabwezedwa kwawo, chifukwa chonenedwa chili chakuti ena mwa iwo, pafupifupi 200, anapezeka ndi kachilombo ka HIV, ndipo boma la Malawi litakana kuti ofuna ntchito aziyezedwa asananyamuke, kulemba anthu kunaimitsidwa. Katswiri wa mbiri Wiseman Chirwa anasonyeza kuti kuyeza magaziko kunakhala chophimba cha zolinga zina za eni migodi, amene ankafuna kale kuchepetsa antchito ochokera kunja. Zimene zili m'thupi la munthu zikalembedwa papepala zimayenda kumene mwini wake sangazitsatire. Lamulo la South Africa loteteza chinsinsi cha anthu, lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julaye 2021, limaika za umoyo ndi za DNA m'gulu lofuna chisamaliro chapadera, koma mu 2023 kampani ya ku America ya 23andMe inaberedwa mbiri ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, ndipo mu 2025 inalengeza kuti yagwa pa chuma, mbiri ya makasitomala ake ili pakati pa katundu wogulitsidwa. Ndiponso DNA si ya munthu mmodzi, popeza wotumiza kathonje watumiza theka la mayi ake ndi la ana ake, ndi gawo la alongo ake ndi amalume ake a ku Namwera kapena ku Embangweni, amene sanafunsidwe ndipo mwina sadzamva nkomwe. M'chikhalidwe chimene nkhani ya maliro kapena ya ukwati simangidwa popanda mwinimbumba, nkodabwitsa kuti chinthu cha mbumba yonse chotere chimatha kutuluka ndi siginecha ya munthu mmodzi.

Mu mzinda womwewu muli anthu amene akuyesa kukonza mafunso aja. Pa yunivesite ya Witwatersrand pali Sydney Brenner Institute for Molecular Bioscience, yotchedwa dzina la katswiri wobadwira ku Germiston amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, ndipo motsogozedwa ndi Michèle Ramsay yakhala ikutsata anthu pafupifupi 12,000 a ku Soweto, Agincourt, Dikgale, Nairobi, Navrongo ndi Nanoro, kuyeza majini awo pamodzi ndi kadyedwe, ntchito ndi malo okhala. Mu 2020 ofufuza a gulu la H3Africa, ena a iwo a pamalo omwewa, atawerenga DNA yonse ya anthu 426 okha a mitundu 50 ya mu Africa, anapeza malo osiyana oposa 3 miliyoni amene sanalembedwepo ndi kale lonse, zimene zikusonyeza kukula kwa gawo limene kathonje ka lero sikalidziwa. Tsiku likhoza kudzafika pamene lipoti loperekedwa kwa Mchewa lidzakhala lochokera pa matupi onga lake, ndipo tsiku limenelo nloyenera kulilakalaka. Pakadali pano, mabasi ochokera ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amafikabe m'tauni atadutsa Tete ndi Beitbridge, ndipo pansi pake pamatsitsidwa matumba amene achibale anamanga ndi zingwe: ufa woyera, mpunga wa kilombero, nyemba, nsinjiro, mfutso ndi usipa wouma wa ku nyanja. Ufawo ulibe foliki asidi wa m'fakitale, ndipo seleniyamu wake amadalira ngati unachokera ku Mzimba kapena ku Chikwawa, pamene usipawo, wodyedwa ndi mutu ndi minga, uli ndi kashiyamu, zinki, seleniyamu ndi vitamini B12. Wolandira thumbalo amaligawa ndi anzake a m'chipinda, ndipo kawirikawiri limatha mwezi usanathe.